Nambala ya Mayi Chirwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anamwalira, fodya ali m'chigafa. Abambo anali atatisiya kalekale, choncho tinatsala awiri, ine ndi mlongo wanga Yamikani wa zaka zisanu. Lolemba lotsatira ndinapita kusukulu chifukwa palibe anandiuza kuti ndikhale.

Tsiku limenelo aphunzitsi athu a masamu, Mayi Chirwa, analemba 8,633 pabolodi. Anafuna tipeze ngati ili nambala yosagawika, ija imangogawika ndi 1 ndi iyo yokha. Tinaona kuti 2 sangalowe chifukwa ikuthera ndi 3, chimodzimodzinso 5. Tinayesa 3, 7, 11 ndi 13, ponseponse pakutsala zotsala. Kalasi yonse inagwirizana kuti njosagawika, belu n'kulira.

Ndikutuluka anandiitana.

"Tiyamike, iwe sunayankhe."

"Sindikudziwa, aphunzitsi."

"Chabwino. Tenga pepala ili. Ukayese nambala iliyonse, imodzi ikatha inzake. Usathamange."

Za maliro sanatchule, ngakhale ndinawaona kumanda.

Kunyumba ndinapeza amalume awiri ndi azakhali atakhala pamphasa, akukambirana za ife. Ndinalowa m'chigafa, ndinakhala pansi pa masamba amene amayi anasoka ndi manja awo. Fungo lake linkakanda kummero. Ndinayamba ndi 15, kenako 17, ndikudumpha zogawika ndi 2. Mawu ankandifika bwinobwino. Amalume aakulu anati Yamikani apita nawo ku Kaluluma. Azakhali anati mtsikana amutenga iwo ku Lisasadzi, akathandiza pakhomo. Ndinamva zonse ngati akunena za ana a eni. Ndinali pa 41, ndipo panatsala 23.

Pepala litadzaza ndinapitiriza ndi kamtengo padothi. Yamikani anabwera n'kutsamira mwendo wanga. Dzuwa litapendeka ndinafika pa 89. Inalowa ka 97, osatsala kalikonse. Ndinabwereza kawiri, yankho lomwelo. Sindinakondwe. Ndinangodzuka kukatunga madzi.

M'mawa ndinalemba yankho m'mphepete mwa pepala n'kuwaonetsa Mayi Chirwa. Anayang'ana pepala lija nthawi yaitali.

"Anzako anatopa pa 13, kutopako n'kukutcha yankho. Iwe unapitiriza bwanji?"

"Ndinalibe china chochita."

Anangogwedeza mutu n'kupinda pepalalo. Lachisanu amalume anamukweza Yamikani pa njinga, ine Loweruka ndinanyamuka ndi azakhali. Misozi inadzabwera patapita miyezi, ndikuchapa m'mbali mwa dambo.

Kwa zaka zambiri ndinkati phunziro la tsikulo linali la masamu, loti kusapeza chinthu sikutanthauza kuti palibe. Limenelo ndi loona. Koma tsopano ndili ndi ana anga, ndipo ndikuona kuti Mayi Chirwa yankho ankalidziwa kale. Ankadziwanso zimene zinkandidikira pakhomo masana amenewo, ndiponso kuti sakanaziletsa. Anangondipatsa ntchito yoti manja agwire kufikira akuluakulu atamaliza kulankhula.