Phulusa pa maluwa a Mayi Nankhoma

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi atsibweni anga, a Lufeyo, chaka chimene tinavota koyamba pa zipani zambiri. Ndinali ndi mwana kumbuyo, bambo wake atapita ku Joni osalembako ndi kalata yomwe. Atsibweniwo anali kapitawo wa m'munda wa maluwa kwa Mayi Nankhoma, namwino wopuma ntchito amene ankakhala m'munsi mwa phiri la Dedza. Anandiuza kuti ndichape chitenje, ndipo Lolemba m'mawa anandikweza pa njinga kuchokera kwathu ku Bembeke.

Mayiwo ankakonda duwa limodzi kuposa onse, haidiranjiya. Ife antchito tinkangoti maluwa a kabichi, poti mutu wake ndi wozungulira, wodzaza manja awiri. Sabata yoyamba anandiyendetsa mzere ndi mzere. Anandionetsa a mutu wozungulira, amene ankawanyadira, ndi a mutu wafulati, amene anawakankhira kumpanda. Oyera amakhala oyera ngakhale uwachite chotani. Enawo amamvera dothi: likakhala lowawasa amatuluka a buluu, ukathira phulusa kapena laimu amasanduka a pinki. N'chifukwa chake Lachisanu lililonse ndinkakankha wilibala kupita kunkhalango kukawola masamba ouma a paini, n'kudzayala pansi pa chitsamba chilichonse mpaka phazi kumira.

Ndinaphunzira kudula nthambi zanthete zosachita maluwa, zotalika ngati chikhatho, kuchotsa masamba a m'munsi, kudula pakati awiri otsalawo, n'kuzizika pamthunzi m'machubu a mchenga wosakaniza ndi manyowa. Kuthirira kunali kwa kheni, patsinde, dzuwa lisanakwere. Podulira, sizasi imadutsa pamwamba pa maso awiri onenepa, chifukwa m'masomo ndi mmene mumagona maluwa a dzinja likudzalo. Mayi Nankhoma sankayamikira wamba, koma tsiku lina anayang'ana nazale yanga nati, "Rozaliya, iwe dzanja uli nalo." Ndinafika kunyumba mano ali pamtunda.

Chaka chachiwiri mwana wawo wamkazi anapeza banja, ukwati n'kuikidwa pambuyo pa Khirisimasi. Mkwatibwi anapempha maluwa a buluu okhaokha, a m'tchalitchi ndi a m'manja mwake, ndipo nsalu za operekeza zinagulidwa za mtundu womwewo. Mu Ogasiti mayiwo anapita ku Blantyre kukadwazika mng'ono wawo, n'kutisiyira mizere isanu ya maluwa a ukwatiwo.

Atangochoka, atsibweni anapeza chiswe patsinde limodzi. Kwathu chiswe timachithamangitsa ndi phulusa, ndipo iwo munda uliwonse ankauona ngati dimba la mpiru. Analamula kuti ndipale masamba onse a paini, ndithire phulusa la ku boyila yotenthetsera madzi pamodzi ndi laimu wotsala popaka khoma. Ndinati, "Atsibweni, mayi aja anati phulusa limasintha mtundu." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wabwera dzana, lero ukundiphunzitsa munda? Tenga fosholo."

Ndinatenga. Masiku atatu ndinathira ndi manja angawa, n'kuthirira madzi pamwamba monga anandiuzira. Telefoni inalimo m'nyumba, ndipo wophika akanatha kundiimbira ku Blantyre, koma kukawanenera atsibweni kwa bwana ndinakuona ngati kulaula.

Mvula itagwa, mitu inayamba kutsegula. M'mawa uliwonse ndinkathamangira kumizere ija mtima uli m'mwamba, koma pinki ankangochuluka, ina n'kutuluka mtundu wosadziwika bwino ngati nsalu yosuluka. Mayi Nankhoma anabwerako kutatsala masabata awiri kuti ukwati uchitike. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anayenda mzere woyamba mpaka kumapeto, anawerama, anakumba ndi chala, n'kutulutsa dothi lotuwa.

"Wathira phulusa ndani?"

Ndinagwada pa kapinga kudikira kuti wamkulu ayankhe. Atsibweni anavula chipewa.

"Mayi, ndinamuletsa mwanayu kawiri konse. Ana a matipate ano samva. Ndinangopeza atathira kale."

Mayiwo anatembenukira kwa ine. "Rozaliya, n'zoona? Iwe amene ndinakuphunzitsa ndekha?" Koma kutsutsa mlongo wa amayi anga pamaso pa munthu wapadera sindikanatha. Ndinangoyang'ana pansi, iwo n'kuona ngati ndavomera. Anandiuza kuti ndisiye sizasi pakhonde, ndisadzabwerenso.

Panjira atsibweni anandipeza ndikuyenda wapansi. Sanapepese. Anati, "Ine ndili ndi ana asanu ndi awiri, iwe mmodzi. Umafuna achotsedwe ndani?" Anapalasa n'kundisiya. Kunyumba amayi anamva zonse, anapukusa mutu, nati nkhani ya atsibweni situluka panja. Ndinakwiya, ndipo kunena zoona mkwiyowo sunathe mpaka pano. Ntchito yokha ndikanaiwala. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu yekhayo amene anaona luso mwa ine anandichotsa akuganiza kuti ndinamunyoza dala.

Lero ndili ndi nazale yangayanga m'mbali mwa msewu, ndipo maluwa a kabichi ndiwo amandidyetsa. Wogula aliyense ndimamufunsa kaye mtundu umene akufuna ndi dothi la kwawo. Ndipo munthu akandilamula chinthu chimene ndikudziwa kuti chiwononga, kaya ndi bwana kaya ndi m'bale, ndimakana tsiku lomwelo, mokweza, anthu akumva. Ulemu ndimapereka wonse, koma dzina langa sindiperekanso.

Zimenezi ndinaziphunzira mochedwa. Zinanditengera zaka zinayi kuti ndilimbe mtima kukawauza Mayi Nankhoma zoona zake. Ndinapeza geti lili ndi loko, mayi woyandikana nawo n'kundiuza kuti anawaika m'manda mwezi wathawo. Ndinabwerera nawo mawu anga kunyumba.