Zenera lomwe ndinkalifulatira

Mukafika pamphambano pomwe pali malo othirira mafuta a galimoto, dziwani kuti mwaponda tchalitchi chathu cha Angilikani. Chinali chakale kuposa nyumba zonse za mumzinda muno, cha njerwa zootcha, denga lalitali. Anachigwetsa pokulitsa msewu. Mabenchi anagawana, belu linapita kwina, mabuku ndi zithunzi zinadyedwa ndi chiswe m'nyumba ya wansembe wina. Chotsala ndine.

Ntchito yanga inali yopopa limba. Limba lathu silinkadziwa magetsi. Linkafuna munthu wokweza ndi kutsitsa mtengo wa mvukuto kuti woyimba akadina, mawu atuluke. Ndinapopa zaka makumi atatu kuseri kwa nsalu yofiira, nkhope ili kukhoma. Mpaka lero amanditcha a Mvukuto, ndipo ndimavomera ngati ndi ubishopu. Tchalitchi chitagwa, ndinadzisankha ndekha kukhala mwini mbiri yake. Pamaliro, pamzere wa kuchipatala, kwa ometa, ndinkangoti, "Inu simunachione," anthu n'kukhala chete.

Mwezi watha kunabwera mphunzitsi wina wamkazi ndi kope lake. Akulemba buku la tchalitchicho. Ndinavala jekete dzuwa likuswa mtengo, mwana wanga wamkazi n'kutiyikira mipando pakhonde.

Ndinayamba bwino. Ndinafotokoza momwe nyimbo za Pasaka zinkandithyolera msana. Ndinaululanso za tsiku lomwe ndinasinza pa ukwati, limba n'kufa pakati pa nyimbo, mkwatibwi n'kufika kuguwa tikumva nsapato zake zokha. Mphunzitsi anaseka, ine n'kufufuma.

"Agogo," anatero, "chandibweretsa kwenikweni ndi zenera lalikulu la kuguwa lija, la magalasi amitundumitundu. Aliyense akuti linali lokongola, koma chithunzi palibe, ndipo amene ndawafunsa anali ana nthawiyo. Mwa ogwira ntchito mwatsala ndinu nokha. Mukapanda kundiuza, m'bukumo silikhalamo. M'zeneramo munajambulidwa chiyani?"

Ine ndinkalowera khomo lakumbali, molunjika kunsalu yanga, n'kutulukiranso komweko. Ngakhale Mgonero, wansembe ankandipatsira pansalu pomwepo kuti limba lisazime. Zeneralo ndinalionapo, inde, monga munthu amaonera khamu pamsika. Mng'alu uliwonse wa khoma langa ndingaujambule lero, koma zenera linali kumsana. Komabe mutu ukakula sulewa nkhonya.

"Munali nkhosa," ndinatero, poganiza kuti m'tchalitchi nkhosa sizingasowe. "Ndi mbusa wake. Wamtali ndithu."

Mphunzitsi anayamba kulemba. Mwana wanga, yemwe ankamvera ali pakhomo, anatsokomola.

"Bambo, musalembetse bodza m'buku la anthu. Munalibe nkhosa."

"Iwe ukudziwa chiyani? Unali wa chala m'kamwa!"

"Ine sindikudziwa. Ankadziwa ndi amayi. Si ankalitsuka Loweruka lililonse, atakwera pamakwerero, zaka makumi awiri? Anandiuzapo kamodzi tikuchapa. Ndikungokumbuka kuti munali dzanja logwira nyale, ndipo galasi labuluu la m'munsi mwake linawacheka chala."

Mphunzitsi anatembenuza mpando, kundipatsa nkhongo. "Chonde, amayiwo ndingawapeze kuti?"

"Tinawayika chaka chatha," anayankha mwanayo.

Chipsera cha pachalacho ndinkachidziwa. Zaka zonsezi ndinkati ndi mpeni wa kukhitchini. Ndinakumbuka alendo atadzaza pabalaza, ine ndili kalikiliki kusimba za tchalitchi, akazi anga n'kuyamba kuti, "Koma zenera lija..." ine n'kuwadula, "Amayi, izi n'zakuya." Ankangomwetulira n'kupitiriza kusita malaya anga. Manyazi anandigwira, koma chinandipweteka kwambiri si manyaziwo. Ndinawasowa akazi anga kuposa tsiku lomwe tinawayika.

Mphunzitsi anali munthu waulemu. Anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye agogo, pa za zenerali ndilembepo chiyani?"

Ndinavula jekete, poti thukuta linali litafika m'nsapato.

"Fufutani nkhosazo," ndinatero. "Lembani dzanja ndi nyale, ndizo zokha zomwe zatsala. Ndipo mulembe kuti amene ankalidziwa lonse ndinakhala naye nyumba imodzi zaka makumi anayi, koma sindinamulole kumaliza mawu ake."