Zikhadabo za Mphaka wa Amayi a ku Chipata

Ndinafika ku London kudzachita maphunziro a uphunzitsi chaka chomwe kwathu anthu ankakonzekera kuvota koyamba m'zipani zambiri. Malo ogona anandipatsa ndi mayi ena a ku Chipata amene ndinakumana nawo ku tchalitchi ku Peckham. Atamva kuti kwathu ndi ku Ntcheu ndipo ndikusowa chipinda, anandigwira padzanja n'kunena kuti, "Ndiwe mwana wa kwathu iwe. Malire aja anaika ni azungu. Tiye ku Thamesmead." Kuyambira tsiku limenelo ndinkangowatchula kuti Amayi.

Amayi anali amasiye, a zaka za m'ma fifite, ndipo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Fulati yawo inali pansanjika yachisanu ndi chitatu, zipinda ziwiri, zenera lalikulu loyang'ana kumtsinje. Nditalowa ndi sutukesi yanga ndinapeza kuti m'nyumbamo munali kale wina: mphaka wotuwa, wa banga loyera pachifuwa, atakhala pampando wabwino kuposa yonse. Anandiyang'ana kamodzi n'kutembenuka.

Kwathu mphaka ndi wantchito. Amasaka makoswe, amagona kumene wafuna, ndipo akayandikira mphika wa ndiwo amakumana ndi chikuni. Uyu anali ndi mbale yake, kabulangeti kake, ngakhalenso chimbudzi chake cha mchenga pakona ya bafa. Chakudya chake chinali cha m'chitini. Ndinalembera mng'ono wanga kalata yomuuza zimenezi, iye n'kuyankha kuti ndayamba mabodza a anthu a kunja.

Tebulo lomwe ndinkawerengerapo linali pafupi ndi zenera, ndipo pazenerapo ndi pomwe mphakayo ankathera tsiku. Nkhunda zikatera pakhonde, kapena mbalame zoyera za kumtsinje zikadutsa, thupi lake lonse linkauma, mchira wokha n'kumagunda khoma. Kenako chibwano chinkayamba kunjenjemera, n'kumatulutsa kaphokoso kakang'ono, ke-ke-ke, ngati munthu wa malungo. Nthawi zina ankaika phazi pagalasi n'kulisiya pomwepo. Ndinkaiwala buku n'kumangomuyang'ana. Sanali atapondapo dothi chikhalire chake m'nyumbamo.

Mavuto anayamba ndi sofa. Azimayi a chigwirizano a ku tchalitchi ankasinthana nyumba zochitira mapemphero, ndipo itayandikira nthawi yoti abwere kwathu, Amayi anagula sofa yatsopano yobiriwira. Sipanathe mlungu, mphaka anali atakala mkono wa sofayo mpaka thonje kutulukira. Alendo anabwera, anaimba, anapemphera, koma maso a aliyense ankangobwerera pabala lija. Pa nthawi ya tiyi mayi wina, amene mwana wake ankakhala ku Amereka, anati, "Koma inu, mukuvutikiranji? Kuja madokotala amangochotsa zikhadabozo. Ziweto zonse za m'nyumba amatero. Kamodzi basi, osameranso."

Amayi anaganiza masiku awiri, kenako anandiuza kuti, "Mawa uniperekeze. Chizungu cha madokotala chimathamanga, nifuna makutu anayi."

Tinamuika m'katoni yoboolaboola n'kukwera basi. Analira ulendo wonse, kulira kwake ngati kwa khanda, moti anthu ankatitembenukira. Dokotala wa ziweto anali mtsikana wa tsitsi lofiira, wosasiyana nane zaka. Ndinamufotokozera chomwe tabwerera. Sanatidzudzule. Anatenga bolopeni, n'kutambasula dzanja lake patebulo, n'kulemba kamzere pa chala chilichonse, pamfundo yoyamba, pamwamba pang'ono pa chikhadabo. Anati chikhadabo cha mphaka chimamera kuchokera m'fupa, ndiye kuti chisamerenso, amadula fupalo pomwe walemba mzerepo, zala zonse. Anati mphaka amayendera nsonga za zalazo, ndipo ena akadulidwa amatsimphina moyo wawo wonse. "Kuno sitichita zimenezo," anatero, "pokhapokha chala chikadwala."

Ndinatembenuka kuti ndimasulire koma panalibe chifukwa. Amayi anali atapinda zala zawo n'kuzibisa m'khwapa.

"Ine nimawenga zikhadabo za nkhalamba kunchito," anandiuza m'chinenero chathu. "Ukangolowa pang'ono mu mnofu, munthu wamkulu alira monga mwana. Manje ati kudula fupa? Pa mulandu wa mpando?" Anaweramira m'katoni muja n'kunena chapansipansi, "Pepa, wamva? Sin'nadziwe."

Dokotala anangomuwenga nsonga zokha, n'kutilangiza kuti timupezere chinthu china chokanda. Amayi anapempha thabwa kwa kalipentala wa ku tchalitchi, n'kulikulunga ndi chingwe cha khonje, n'kuliimika pakona. Mphaka analinunkhiza, n'kupita kukakala sofa. Amayi anangofunditsa mkono wa sofayo chitenje, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma kwa ine sinathe. Ndinayamba kuwauza Amayi kuti mphaka amakala sofa chifukwa alibe mtengo. Ndinkati nyama imene Mulungu anaipatsa zala zotere ndi maso otere si yoti izingoonera mbalame pagalasi. Tinamusiyira zikhadabo, inde, koma azichita nazo chiyani?

"Iwe, uyu sadziwa panja," ankatero Amayi. "Kuli mamotoka, kuli agalu, kuli nkhandwe. Usamuyese mphaka wa ku Ntcheu."

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo ndinkadziona wodziwa zinthu. Loweruka lina, nyengo yomwe kuzizira kumayamba kutha mitengo n'kumaphuka, Amayi ali kuntchito, ndinamunyamula n'kulowa naye mu lifiti. Ndinkati mphindi khumi zokha, anunkhize udzu, tibwerere, ndidzawauze Amayi kuti mwaona.

Nditamuika pakapinga sanathamange kapena kudumpha monga ndinkaganizira. Anadziphwatika pansi, mimba kugunda udzu, makutu atagona, maso atatong'oka. Ndinagwada n'kumamusisita. Patapita kanthawi anatukula mutu pang'ono, mphuno ikugwiragwira mphepo, ndipo mtima wanga unati, si izi! Nthawi yomweyo galu wina amene mwini wake anamumasula anatulukira pakona akuuwa. Ndinamugwira mphaka kuti ndimunyamule, iye anandikala mkono kuyambira pachigongono mpaka padzanja, n'kupulumuka, n'kulowa kunsi kwa nyumba zosanja kuja, kumene kunali magalaja ndi zipilala za konkire zosawerengeka.

Ndinafunafuna masana onse. Ndinasuzumira pansi pa galimoto iliyonse, magazi akuumira pamalaya. Ndinkaitana, koma mawu anga ankangobwerera kwa ine.

Amayi anafika cha m'ma foloko, dzuwa likadalipo. Ndinawauza ndili chiimire pakhomo. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Iwo anakhala pampando, n'kuvula nsapato za kuntchito, n'kuzisanja bwinobwino.

"Anamutola ni abambo ako," anatero. Umu ndi momwe ankatchulira malemu amuna awo polankhula nane, ngakhale sindinawaonepo. "Pa mabini a zinyalala apo, ali kang'ono, kokwana m'chisote. Pamene anadwala, ine nikapita kunchito anali kutsala awiri. Chaka chonse. Nikabwera nipeza ali pazenera, uyu pamwendo, akuonera mabwato." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Ananiuza kuti usamutaye."

Anavalanso nsapato zija, n'kutenga chitini cha chakudya ndi supuni, n'kutuluka. Ndinawatsatira pambuyo ngati mwana wolakwa, pakuti ndinali yemweyo.

Tinafuna masiku atatu. Lamulungu sanapite ku tchalitchi, zomwe ndinali ndisanazionepo. Lolemba anasinthana shifiti ndi mnzawo, ine kusukulu osapita. Tinkazungulira magalaja, iwo akugogoda chitini ndi supuni, ngwe, ngwe, ngwe, n'kumaitana, "Pusi, pusi, bwera mwana wanga." Kunyumba ankandiphikira ndi kundipakulira monga mwa masiku onse, koma nkhani panalibe. Zenera lija ndinkaliopa kuliyang'ana.

Lachiwiri m'mawa, bambo wina wachizungu wokalamba, amene ankakhala pansanjika yachiwiri ndipo anali atatimva tikugogoda, anatiimitsa. Anati m'galaja yake mukumveka kanthu. Anatsegula chitseko. Munali njinga zakale ndi zitini za penti, ndipo pansi pa chitseko panali mpata woti galu wamng'ono n'kulowa. Amayi anaitana kamodzi. Yankho linachokera kumwamba. Mphaka anali pamtanda wa denga, pamalo pomwe ngakhale bamboyo sakanafikira popanda makwerero, ndipo pamzati wathabwa panali mizere ya zala zake pomwe anakwerera. Anatsika yekha, cham'mbuyo, pang'onopang'ono, ali mbuu ndi fumbi, khutu limodzi litang'ambika.

Amayi anamukulunga m'juzi yawo. Mu lifiti anayang'ana mapazi ake limodzilimodzi, n'kunena kuti, "Sembe tinadula, sembe agalu anadya." Sanandiyang'ane ponena zimenezi. Koma titalowa m'nyumba, mphaka atadya n'kugona, anandiitana. "Bwera nione dzanja." Mabala aja anali atayamba kutupa. Anawatsuka ndi madzi amchere, mosanyengerera, ine misozi ikutsika, ina ya mchere ina ya zina. Atamaliza anandimenya kambama kakang'ono paphewa. "Mutu monga mwala," anatero, n'kupita kukatereka tiyi.

Chomwe sindinayembekezere chinachitika patapita milungu ingapo. Lamulungu lina titabwera ku tchalitchi, ndinaona Amayi akumumanga mphaka pachifuwa ndi chitenje, mutu wokha uli kunja. "Tipita kukaona dziko," anatero. Anatsika naye n'kukakhala pabenchi moyang'anana ndi kapinga uja. Sanamutsitse. Anthu odutsa ankaseka, ena n'kumaima kudzafunsa, Amayi osalabadira. Anatero Lamulungu lililonse kukakhala kopanda mvula. Pofika miyezi yotentha anayamba kumuika pansi atamumanga kachingwe. Ankanunkhiza udzu, kutafuna pang'ono, kukala mwendo wa benchi, kenako n'kudumphira pamiyendo pawo. Akabwerera kumwamba ankakhalanso pazenera, chibwano n'kumanjenjemera ngati kale. Mpaka lero sindidziwa kuti ankalondola ndani pakati pa ine ndi Amayi. Ndimangodziwa kuti ine ndinachita zanga mobisa, pomwe iwo anachita zawo atamugwira.

Nditamaliza maphunziro ndinapeza ntchito pasukulu ina ku Tottenham, ndipo ndinasamukira komweko, m'kanyumba kapansi kokhala ndi kadimba kumbuyo. Kupita ku Thamesmead unali ulendo wa sitima ndi mabasi awiri. Poyamba ndinkapita mlungu uliwonse, kenako mwezi uliwonse, kenako pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Amayi sanadandaulepo. Ankangoti, "Wanenepa," kapena, "Waonda," n'kundilongedzera chakudya chokadyera kwanga.

Zaka za m'ma nayinte zikupita kumapeto, anandiimbira foni. Mawondo anali atawakana, ndipo mwana wawo wamkazi anali atawamangira nyumba ku Chipata. "Nipita kumudzi," anatero. "Koma uyu sangakwanitse ulendo. Wakalamba. Uli na garden iwe." Ananena zimenezi kwa ine, munthu amene ndinamutayapo kale.

Anabwera naye okha, pa taxi, pamodzi ndi mbale yake ndi kabulangeti. Anayendera dimba lonse, kugwedeza mpanda kuti aone ngati ndi wolimba, n'kugwedeza mutu kuti ndi bwino. Potsanzikana sanamunyamule. Anangomugwira pamutu ndi zala ziwiri, n'kutuluka mofulumira, ndodo ikugogoda pansi.

Ndinkasiya chitseko chakumbuyo chotsegula. Mwezi woyamba mphaka ankangofika pasitepe. Kenako anayamba kugona padzuwa pafupi ndi mpanda. Tsiku lina m'mawa ndinapeza mbewa yakufa itaikidwa pafupi ndi nsapato zanga, mwini wake atakhala poteropo akunyambita phazi. Ndinalemba kalata ku Chipata tsiku lomwelo. Yankho linabwera patapita milungu isanu. Amayi anafunsa kuti mbewayo inali yaikulu bwanji, ndipo anadya kapena anangosewera nayo. Anati anthu akuwasamala, mango achuluka, koma m'mawa amadzuka n'kusowa womulankhula asanasambe.

Mphakayo anakhala nane zaka ziwiri, n'kufa ndi ukalamba masana ena ali padzuwa. Makalata a Amayi anapitirira kwa kanthawi, zilembo zikunka zikula, mizere ikunka ichepa. Ndinapita kwathu ku Ntcheu katatu m'zaka zimenezo. Kuchokera kumeneko kukafika ku Chipata ndi ulendo wa tsiku limodzi, ndipo ulendo uliwonse ndinkati ndikawaona, koma kunkakhala maliro, ukwati, achibale oti ndiwazonde, tchuthi n'kutha. Ndinkati chaka chamawa. Kalata yomaliza inalembedwa ndi mwana wawo. Anati Amayi anagona mwamtendere, ndipo m'masiku awo otsiriza ankauza aliyense wodzawaona kuti ali ndi ana awiri, wina ali pompano, wina akuphunzitsa ku London ndipo abwera mvula ikatha.