Karoti wa Azakhali a Klara

Azakhali anga a Klara Ogai agulitsa karoti wa tsabola pamsika ku Tashkent, m'dziko la Auzibeki, kwa zaka makumi anayi, ndipo pakamwa pawo sipanapumepo. Pachikwangwani chawo analemba kuti "Chakudya chenicheni cha ku Korea," chonsecho ku Koreako sanapondeko. Ife tonse tinabadwira konkuno. Chikorea chimene tinatsala nacho n'cha mayina a zakudya ndi zotukwana basi.

Zinthu zinavuta mdzukulu wawo Nelli atapeza mwamuna ku Busan, mzinda wa ku Korea, kumene amagwira ntchito. Mayi a mwamunayo, a Seo, anati asanavomere ukwati abwera adzaone ngati ndife Akorea enieni. Azakhali mtima unali m'mwamba. Mpunga wa nyama ya nkhosa, chakudya cha Chiuzibeki, anakaubisa kwa aneba, mafoloko onse anatilanda. Amuna awo, a Gena, analimbana ndi timitengo todyera masiku atatu mpaka lamba anakhwepa.

"Inu a Gena, mukangolankhula Chirasha ndikutsekerani m'bafa!"

"Nanga ndilankhule chiyani, mayi?"

"Muzingowerama n'kumamwetulira. Cha Chikorea chimene muli nacho ndi nkhope yokhayo."

Mlendo atafika, azakhali anaika mbale ya karoti pakati pa tebulo monyadira. A Seo analawa, nalankhula. Nelli anamasulira.

"Agogo, akuti n'chokoma. Koma akufunsa ngati n'chakudya cha Chiuzibeki. Kwawo sanachionepo."

Nkhope ya azakhali inagwa, ndipo ine zinandipweteka kwambiri. Kenako anapsa mtima, lamulo lawo lomwe n'kuliiwala.

"Uwauze izi," anakuwa m'Chirasha. "Boma litasamutsa Akorea mokakamiza, amayi anga anawatsitsa m'sitima ya ng'ombe pachipululu kuno, opanda ndi bulangete lomwe. Kabichi wa kwawo kunalibe. Anapeza karoti, n'kuthira mchere ndi tsabola, n'kumadya atatsinzina kuti aziona ngati ali kwawo. Anthu amene anali ndi kabichi asabwere kudzatiyesa mayeso!"

Nelli anamasulira zonse, osachotsapo kanthu. A Seo anakoka mbale ija, natapa katatu, n'kufunsa kapangidwe kake.

"Uwauze kuti timaphunzitsa achibale okha," anatero azakhali.

A Seo anayang'ana Nelli, nayang'ana mbale, n'kufunsa kuti ukwati tiuike mwezi uti. Pomwepo a Gena anasolola foloko m'sokosi.

Lolemba ndinawapeza azakhali pamsika ali ndi penti m'manja. Mawu oti "ku Korea" anali atafufuta, n'kulembapo "amayi anga."