Chilimwe Chimene Amalume Ankathirira Minga

Zinali zitini zisanu ndi ziwiri za mafuta ophikira, zodulidwa kukamwa, pansi zoboola ndi msomali. Amalume anazindandalika kuseri kwa nyumba yathu ku Chimadzi, mumzinda wa Tete, chilichonse atachilemba nambala ndi penti yoyera. M'zitinimo munali nkandankhuku, tizitsamba taminga tomwe kwathu kumapiri a Tsangano timamera tokha m'mbali mwa mitsinje, tobala zipatso zonga mabulosi. Kumeneko palibe amene amadzala nkandankhuku. Ana amangothyola popita kusukulu, akulu n'kumatema zikatseka njira. Koma amalume anatsika nazo ku Tete mwezi wa Otubulu, nthawi imene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo ankayendetsa kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu, ndipo ankatha milungu ali pamsewu wa ku Beira, choncho pakhomo tinali atatu: ine, amayi, ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono.

Amalume anali atagwira miyezi itatu ndi mayi wina wophunzira za zomera, amene tonse tinkangomutcha Adotora ngakhale sitinamuonepo. Ankamutsogolera m'mapiri chifukwa njira zake ankazidziwa kuyambira ali kubusa. Pobwerera kwawo, Adotora anawasiyira mbewu zamoyozo. Mawu ake amalume ankawabwereza ngati pemphero: "Muzisamalire mpaka zitulutse mizu yatsopano. Ndibwera mvula isanagwe." Anawalonjezanso kuti akadzabwera adzawatenga akhale wantchito wokhazikika.

Zitini zisanu ndi chimodzi zinali ndi masamba ang'onoang'ono opyapyala. Chachisanu ndi chiwiri chinali china. Masamba ake anali otambalala ngati chikhatho changa, okhuthala, aubweya kunsi, ndipo minga yake inali yonenepa. Amalume ankati anaikumba pamwamba penipeni pa phiri, pamene m'mwezi wa Juni udzu umadzuka utayera ndi chisanu.

"Ndi mtengo womwewo," ankatero, "koma uwu m'kati mwake zonse zili kawiri."

Anauza aliyense. Anauza aneba, anauza Mmalawi wa kagolosale pakona, anauza ngakhale wogulitsa makala amene ankangofuna kuti amulipire apite.

Lero ndimaphunzitsa za zamoyo kusekondale, ndipo ndikudziwa chimene ankayesa kunena. M'kati mwa selo iliyonse ya chomera muli timaulusi tonyamula chibadwa chake, makromosoma. Zomera zambiri zimalandira mtolo umodzi kwa kholo lililonse. Koma nthawi zina mitoloyo imabwera yowirikiza, inayi m'malo mwa iwiri. Chomera chotere chimakonda kukhala ndi masamba aakulu, nthawi zina chimapirira malo amene makolo ake sangathe, ndipo sichiberekananso bwino ndi abale ake akale. Pang'onopang'ono chimasanduka mtundu wakewake. Timaulusito timawerengedwa bwino kunsonga ya muzu wanthete, pansi pa makina oonera tinthu tating'ono. N'chifukwa chake Adotora ankafuna mizu yatsopano. Amalume anasiyira sukulu kalasi yachisanu, koma mfundo yake anaigwira bwino kuposa ana ambiri amene ndimawaphunzitsa.

Vuto linali madzi. Mpope wa m'dera lathu unkatulutsa madzi m'mawa mokha, ndipo osati masiku onse. Amayi ankabwera ndi zigubu ziwiri khosi litauma, amalume n'kutapapo ndi kapu, kawiri pa tsiku.

"Achimwene, anthu tikumwa moyeza, inu mukumwetsa minga," ankatero amayi.

"Ndi masiku ochepa, achemwali."

Masiku ochepawo sankatha. Amalume sankakhala pansi. Ankasuntha zitini kutsatira mthunzi, m'mawa kuseri, masana pansi pa msawu, madzulo kumaso kwa nyumba. Ankameta ndevu m'mawa uliwonse n'kuvala shati yopita nayo kutchalitchi. Akatero ankayenda mpaka kumsewu waukulu wopita kumlatho wa pa Zambezi, kukaima n'kumasuzumira galimoto iliyonse yoyera. Pobwera fumbi linali lofiira mpaka m'maondo. Foni yawo inkakhala m'thumba la pachifuwa, ndipo ankaitulutsa, kuiyang'ana, kuibweza, asanathe masitepe khumi n'kuitulutsanso. Chakudya ankachisiya pakati. Anzawo amene analowa ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize anabwera kawiri kudzawauza kuti kukulembedwa anthu. Anakana kawiri konse.

Kusakhazikika kwawoko kunandilowa nanenso. M'kalasi aprofesora akamalemba pabolodi, ine maso anali pawindo, kuyang'ana ngati mitambo yayamba kusonkhana. Ndinkaopa kuti mvula ifika Adotora asanafike.

Zamasamba ang'ono zija zinayamba kufa. Masamba ankapindika m'mbali, n'kufiira, n'kuthothoka ukangowakhudza. Pofika pakati pa Novembulu inatsala nambala seveni yokha. Ine ndinatsimikiza kuti yapulumuka chifukwa cha kawiri kuja. Panopa sindinganene motsimikiza chotero. Mwina inkangolandira madzi ambiri kuposa zinzake, poti amalume ankaikonda.

Koma funso linandikhala pakhosi. Kawiri chiyani? Mitima iwiri? Mitsempha iwiri? Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinapeza pakhomo palibe munthu. Amayi anali kumsika kugulitsa mbatatesi, amalume kumsewu kwawo kuja. Malata a denga ankathetheka ndi kutentha. Ndinatenga lezala ya amalume pawindo, ndinagwira chomeracho patsinde, ndi kukoka. Chinazuka ndi dothi lake lonse, ndipo kanatuluka kafungo konyowa, kozizira, kamene sindinakamvepo mu Tete.

Ndinang'amba tsinde kuyambira pamwamba mpaka pansi. M'kati munali koyera kofewa, kamodzi kokha. Ndinadula mizu. Ndinadulanso tizidutswa tating'ono, n'kumatiyang'ana padzuwa ndi diso limodzi. Munalibe chilichonse chachiwiri. Pamene ndimazindikira zimene ndachita, zala zanga zinali magazi okhaokha ndipo chomeracho chinali mulu wa zinyalala pamwala wochapira. Ndinayesa kuzika zidutswazo m'chitini. Zinkangogwa.

Amalume anandipeza ndili chomwecho. Anaima, kenaka ananjuta. Anatola kamuzu kamodzi koyera, konyezimira kunsonga, nakayang'ana nthawi yaitali.

"Inali itatulutsa," anatero.

Ndinadikira khofi. M'malo mwake anandifunsa, "Wapezamo chiyani?"

"Palibe, amalume."

"Sizioneka ndi maso zimenezo."

Anandigwira dzanja nayamba kundizula minga ndi zikhadabo zawo. Amayi atafika n'kuona, anathyola kanthambi ka msawu, koma amalume anaima pakati pathu. "Musiyeni, achemwali." Madzulo amenewo anadya n'kumaliza mbale, anapemphanso zina. M'mawa mwake sanamete ndevu. Sabata isanathe anakwera shapa, minibasi ya kuno, kuwoloka Zambezi kupita ku Moatize, ndipo anagwira kumgodi zaka zambiri, mpaka chifuwa chinawabweza kumudzi.

Ndinakula ndikudziwa kuti ndine ndinawatayitsa ntchito ya moyo wawo. Ndikawaona atavala chisoti cha kumgodi, malasha ali m'makwinya a khosi, ndinkayang'ana pansi. Mwina n'chifukwa chake ndinasankha maphunziro amene ndinasankha, sindikudziwa.

Amayi anandiuza zoona ndili kale pantchito, tikusenda mbatatesi, ngati nkhani wamba. Adotora anali atawaimbira amalume foni milungu itatu ine ndisanazule chomera chija. Kafukufuku wawo anali ataimitsidwa, ndipo sakanabweranso. Amayi anamva okha ali kuseri kwa khoma, akuyanika zovala. Amalume sanauze munthu. Anapitiriza kumeta, kusuntha zitini, kupita kumsewu. Amayi nawonso anapitiriza kusenza madzi aminga, akudandaula monga mwa masiku onse kuti mlongo wawo asadziwe kuti akudziwa.

Tsiku lija pamwala wochapira ndinaona mapewa a amalume akutsika, ndinawamva akutulutsa mpweya wautali. Ndinkaganiza kuti ndi mkwiyo umene akuumeza chifukwa ndine mwana wa mlongo wawo. Sindikanatha kudziwa kuti munthu wamkulu angathe kukhala akuthirira chinthu tsiku ndi tsiku, kwinaku akulakalaka wina achizule kuti iye apume.