Tsiku Limene Ndinam'mana Maso

Ine ndimayimba. Potunga madzi ndimayimba, pokalipa ndimayimba, ngakhale mchere kwa aneba ndimapempha ndi nyimbo. Cholembera chimandilemera kuposa khasu, koma pakamwa, ee, pakamwa Mulungu sanandimane. Tsiku limodzi lokha ndi limene pakhosi panga panauma gwaa, ngati usipa woiwalidwa pathandala.

Madzi osefukira atatigwetsera nyumba, boma linatimangira zina kumtunda, kufupi ndi msewu wa ku Dwangwa. Mizere mizere, malata mbee, khomo kuyang'anizana ndi khomo. Kumeneko ukayetsemula, a nyumba yachitatu amakufunsa za chimfine. Ndinkakhala ndi mwana wanga wamwamuna, msodzi, pamodzi ndi mkazi wake ndi kamtsikana kawo, kamdzukulu kanga kamene ndimakatcha mkazi mnzanga.

Mkazi mnzangayo anali atakalambira mu Sitandade 1. Amene anayamba nawo anapita, ang'ono awo anabwera n'kumupitirira, iye phee kumbuyo kwa kalasi. Koma pakhomo, mayo ine, kuchenjera kwake! Ndinamulera ndi maso monga tinaleredwera ife. Mlendo akafika, diso kumphasa, mphasa yayalidwa. Diso kukhomo, mwana watuluka. Anthu ankati, "Mwana waulemu uyu, sadikira kuuzidwa." Ine ndinkangoti zikomo, zikomo, chikhalirecho ndikudziwa kuti akandifulatira, ndikhoza kukuwa mpaka agalu kundiyankha, iye osacheuka. Makutu ake ankatuluka mafinya kuyambira ali kumsana.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera aphunzitsi oyeza ana, khomo ndi khomo, kudzaona amene akusowa thandizo pasukulu. Pamjigo aliyense anali ndi yake. Uyu akuti mwana akapezeka ndi vuto amamutengera kusukulu yakutali yogonera komweko, simumuonanso. Uyo akuti amakulemberani choko pachitseko kuti mzere wonse udziwe.

Mpongozi wanga anandikokera kuseri kwa bafa. "Amayi, inu mumadziwa kumulankhula ndi maso. Akamamufunsa, chonde mumuthandize. Asanditengere mwana. Komanso a mzere uno asamati ndinabala gonthi."

Mwana wanga ankasoka ukonde pakhonde, ndipo anamva, poti kwathu kulibe kuseri. Osadzutsa mutu anati, "Amuyeze. Akamupeza ali bwinobwino, ndiye kuti ndi mutu wouma basi. Teremu ikatha apite ku Ngala kwa azakhali ake akayanike usipa. Sitandade 1 waikhala mokwanira."

Mwaiona mfundoyo mmene inamangikira? Ndikam'thandiza ndi maso, apezeka wabwinobwino, sukulu yathera pomwepo. Ndikam'mana, mwina amutenga. Uku moto, uku moto, ine pakati ndi chitenje chimodzi.

Mphunzitsiyo anafika m'mawa pa kabaza, mayi wonenepa bwino, chikwama pamiyendo. Atangokhala pamphasa, azimayi a mzere wonse anakumbukira nthawi imodzi kuti pakhomo pawo sipanasesedwe. Matsache shwe shwe shwe, makosi onse kwathu.

Anayamba ndi zithunzi ndi zitsekerero za mabotolo. Mkazi mnzanga anazisanja mitundu mitundu, mwachanguchangu, mphunzitsi akungogwedeza mutu. Mtima wanga unafuna kululutira, ndinaugwira. Kenako mphunzitsi anam'yang'ana mwanayo kumaso n'kumuuza pang'onopang'ono, akusonyeza ndi dzanja: "Ukamva ndikuitana, ukweze mkono." Ananyamuka n'kukaima kumbuyo kwake.

Anaitana monong'ona. Mwana maso pa ine, dwii.

Mpongozi anandikodola ndi chigongono. Ndinkangoyenera kuphethira kamodzi, kamodzi kokha, mkono ukanakwera. Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

Mphunzitsi anaitana mokweza. Mwana anawerama kuti apeze maso anga pansi pomwepo, monga amachitira akasochera pakati pa anthu. Mpongozi ananditsina pantchafu, kutsina kwenikweni. Matsache onse anali atasiya. Ndinakoka duku kumutu n'kuphimba nkhope yonse.

Mumdima wa dukumo ndinamva mphunzitsi akuliza chitini cha timiyala kumanzere, kechekeche. Zii. Chinalira kumanja, pafupi. Kenako kamawu kakang'ono konjenjemera: "Agogo?" Ndinaluma nsalu.

"Agogo, mwabisiranji nkhope?" anafunsa mphunzitsi.

"Maso angawa ndi osasunga pakamwa, aphunzitsi. Amaulula mayeso."

Anaseka, koma mpongozi anali atayamba kale kulira, atam'kumbatira mwana. "Mukupita naye kuti? Ndiuzeni, mukupita naye kuti?"

"Kupita naye? Mayi, ine ndabwera pa kabaza, thupi lonseli, mwanayo ndimuika pati?" Anakhalanso pamphasa. "Mwanayu mutu wake ndi wakuthwa. Akudwala ndi makutu. Lakumanja likumvako pang'ono. Mupite naye kuchipatala akam'tsuke ndi kum'patsa mankhwala. Kusukulu ndikanena ndekha kuti azikhala kutsogolo, aphunzitsi azilankhula momuyang'ana."

Mwana wanga anaika ukonde pansi. "Ndiye zonse ndinkam'kalipira zija, sankamva?"

"Mwayi wake ndi womwewo, bambo," ndinatero. "Nanga za ku Ngala?"

"Usipa uli nawo anthu owuyanika."

Mawu a gonthi anamvekadi pamjigo, sindibisa, ndipo mpongozi anandiphikira mosandilankhula mpaka mvula inagwa. Zimenezo ndinapirira. Chimene chinandidya ndi mkazi mnzanga. Anasiya kundiyang'ana. Ndikamuponyera diso, iye nkhope kukhoma. Ndinam'mana maso tsiku limodzi, iye anandimana ake mwezi ndi mwezi.

Mafinya anauma. Sitandade 1 anaisiyira eni ake, ee, anaisiya, anaisiya! Tsiku lobwera ndi zotsatira anandipeza ndikusankha mpunga. Anazungulira n'kukhala kumanzere kwanga, khutu labwino lija pafupi ndi pakamwa panga.

"Agogo, tayimbirani muno."

Ndinayimba ya kutchalitchi, yokweza ija, mawu onse amene ndinawasunga m'duku. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiyang'ana m'maso, tololo.

"Ndiye aneba amapirira zimenezi tsiku ndi tsiku?"

Ndinalulutira mpaka mpunga unatayika, a nyumba yachitatu n'kutuluka kudzafunsa.