Achingwe a Pamwamba pa Phompho

Dzina lawo lenileni linkangopezeka pa chiphaso. Aliyense ankangoti Achingwe, chifukwa galimoto ikagwera kuphompho, iwo ndi amene ankadzimanga chingwe m'chiuno n'kutsikira pansi kukaona ngati mwatsala wopuma. Anali ndi kagalaja pamwamba pa chitunda, pomwe msewu umatulukira m'nkhalango ya paini n'kuyamba kukhotakhota kutsetserekera kugombe. Kumanja thanthwe, kumanzere nyanja, pakati kamsewu koti malole awiri sangapatukirane.

Nthawi ya tchuthi anthu a m'tauni ankadutsa pamenepo ndi nyimbo zogonthetsa m'kutu, matenti padenga, ana atasuzumira pawindo. Ambiri ankaima kwa Achingwe kupopa matayala ndi kujambula nyanja. Akazi awo ankawanena kuti, "Inu bambo, anzanu akuona alendo, inu mukuwerenga maliro." Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi Achingwe anakweza anthu kuchokera pansipo, ndipo amoyo anali owerengeka.

Tsiku lina masana panaima kagalimoto kofiira, muli mwamuna ndi mkazi ongokwatirana kumene. Achingwe anamva fungo la mabuleki opsa asanayandikire n'komwe.

"Achimwene, dikirani kaye ola limodzi mabulekiwa azizire. Kutsogoloku n'kotsetsereka."

"Madala, ndayendetsa kuyambira m'mawa, palibe chovuta," anatero mwamunayo.

Mkaziyo anaseka. "Alekeni bambo, akuopa kuti nyanja iphwa tisanafike."

Achingwe nawonso anaseka, n'kuwatsanzika. Patangopita mphindi khumi, dalaivala wa lole ya matabwa anatulukira akuthamanga wapansi, manja ali m'mutu.

Atatsikira kuphompho, Achingwe anapeza galimoto yofiira ija itakanirira pakati pa miyala iwiri, mafunde akuimenya m'mbali. Mwamunayo anali ataponyedwa kunja, atatsirizika kale. Mkaziyo anali moyo, mwendo utapanikizidwa ndi chitsulo. Ozimitsa moto, omwe anali ndi makina odulira zitsulo, ankachokera kutali, ulendo wa maola awiri. Achingwe analowetsa mkono pawindo n'kumugwira mutu kuti madzi asamufike pakamwa.

"Amuna anga ali kuti?" anafunsa mkaziyo.

"Ali kumtunda, mwanangu. Tawakweza kale. Akukufunsa."

"Akuti chiyani?"

"Akuti usagone."

Mkaziyo anafunsa kambirimbiri, ndipo Achingwe ankangopeka mawu a munthu amene ankamuona ali kwala pamwala, nkhanu zikuyenda pamalaya ake. Pomwe ozimitsa moto ankafika, mkono wawo unali utachita dzanzi mpaka paphewa.

Mkaziyo anapulumuka, koma mwendo anaudula. Patatha miyezi isanu anabwera kugalaja ndi mayi ake, akuyendera ndodo. Anakana mpando.

"Munandinamiza, bambo."

"Ndinakunamiza, mwanangu."

"Sindinabwerere zimenezo. Ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi. Anavutika?"

"Ayi. Anafera pomwepo."

Zinali zoona. Mkaziyo anawayang'ana, n'kunena kuti, "Nanga ndikukhulupirirani bwanji?"

Mayi ake anamugwira mwana wawoyo paphewa, n'kubwerera naye kugalimoto imene anabwera nayo.

Achingwe anatsikanso kuphompho kawiri chaka chimenecho. Kachitatu zala zinakana kumanga mfundo. Anayesa katatu anthu akuyang'ana, chingwe chikungomasuka. Anachipereka kwa mkamwini wawo, iwo n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, msana atalozetsa kunyanja.

Akazi awo atamwalira, galajayo anaigulitsa kwa munthu wina amene pano amagulitsiramo zipewa ndi machubu osambirira. Masiku ano Achingwe amakhala m'tauni kwa mwana wawo wamkazi, ndipo amamata matayala a njinga pakhonde la golosale. Banja likamanyamuka ulendo wa kugombe, adzukulu amawakoka malaya kuti, "Agogo, tiyeni!" Iwo amati bondo likuwawa, n'kutsala pakhomo ndi galu.